Masewera Ophunzitsira Chingerezi Akakanika: Kupeza Vuto ndi Kulikonza

Dandaulo lake limakhala lomwelomwelo kulikonse kumene anthu akuphunzira Chingerezi. Mphunzitsi wakonza masewera, wadula makadi mpaka usiku, walowa m'kalasi ali ndi chiyembekezo. Pakangopita mphindi zochepa, m'kalasi mwadzaza chipwirikiti, kapena ophunzira angoti duu kumuyang'ana, kapenanso aseka mpaka belu kulira koma m'mawa mwake palibe amene akukumbukira mawu aja. Zikachitika kawiri katatu, mphunzitsi amagwa ulesi n'kunena kuti masewera ndi kutaya nthawi.

Ine ndimakana zimenezo. Nthawi zambiri chimene chalakwika ndi kakonzedwe ka masewerawo, ndipo chimakonzeka popanda kugula kanthu. Pezani m'munsimu chizindikiro chimene mukuona m'kalasi mwanu. Pansi pa chilichonse ndayamba ndi chifukwa chofala kwambiri n'kutsirizira ndi chimene chimachitika mwa apo ndi apo, choncho fufuzani motsatana, musadumphe.

## Musanafufuze china chilichonse

Dzifunseni mafunso awiri awa, chifukwa mavuto ambiri amaonekera pomwepa.

- Kodi munthu angapambane masewerawa osamva kapena kulankhula Chingerezi?
- Pakali pano, ndi anthu angati amene akulankhula nthawi imodzi?

Ngati yankho loyamba ndi "inde", kapena lachiwiri ndi "mmodzi", mwapeza kale poyambira.

## Akusangalala, koma m'mawa mwake aiwala zonse

Ili ndiye vuto lalikulu pa onse, ndipo limabisala chifukwa phunziro limaoneka ngati layenda bwino. Wodutsa pawindo amaona manja ali m'mwamba, nkhope zikumwetulira, n'kuganiza kuti anthu akuphunzira. Mudzadziwa zoona pa mayeso.

1. Chingerezi sichikufunika kuti munthu apambane. Taonani masewera othamangira ku bolodi kukagunda chithunzi: amapambana ndi wa miyendo yopepuka. Pa makadi ovundikira, amapambana ndi amene wakumbukira pamene pagona khadi, ngakhale sadziwa dzina la chinthu chojambulidwacho. Pa masewera olosera zilembo za mawu obisika, mwana amatha kupeza mawu onse pongotchula zilembo, tanthauzo lake osalidziwa.

Kufufuza kwake n'kosavuta. Yerekezani kuti mukusewera nawo koma mwatseka pakamwa. Ngati mungafike kumapeto ndi mapointi, masewerawo ali ndi chibowo.

Konzani malamulo kuti pointi izibwera pokhapokha munthu akanena kanthu. Wotembenuza khadi atchule dzina lake mokweza. Akapeza awiri ofanana, sawatenga mpaka atapanga chiganizo, monga "I have two chairs". Wogunda chithunzi pa bolodi ayankhe funso limodzi lokhudza chithunzicho, akalephera mwayi upite kwa mnzake.

2. Mawu ake ndi atsopano. Masewera sagwira bwino ntchito yophunzitsa mawu koyamba. Mphamvu yake ili pobwereza zimene munthu wakumana nazo kale mpaka lilime litazolowera. Paul Nation, katswiri wa kaphunzitsidwe ka zinenero wa ku New Zealand, amati phunziro la chinenero ligawidwe m'mbali zinayi zofanana kukula: kumva ndi kuwerenga kuti umvetse uthenga, kulankhula ndi kulemba kuti upereke uthenga, kuphunzira mwadala mawu ndi galamala, komanso kufulumira pogwiritsa ntchito zimene ukudziwa kale. Pa mbali yachinayiyi m'pamene masewera ambiri amakhala, ndipo lamulo lake ndi lakuti pasakhale mawu achilendo.

Musanayambe, lozani zithunzi zisanu mwa zimene mugwiritse ntchito n'kufunsa ophunzira apakatikati, osati akatswiri aja. Akalephera zoposa chimodzi, ikani makadi pambali, phunzitsani kaye.

3. Mwasewera kamodzi n'kusiya. Mu 1885 Hermann Ebbinghaus wa ku Germany anaonetsa kuti munthu amaiwala msanga kwambiri zimene wangophunzira kumene, ndipo kuiwalako kumachepa akazibwereza patapita nthawi. Aphunzitsi ambiri amachita manyazi kubweretsanso masewera omwewo, poganiza kuti ophunzira atopa nawo. Kawirikawiri amene watopa ndi mphunzitsi. Bweretsaninso makadi omwewo mawa kwa mphindi 5, kenako pakatha masiku atatu kapena anayi, kenako sabata yamawa. Ubwino wake ndi wakuti malamulo akuwadziwa kale, ndiye nthawi yonse imapita ku Chingerezi.

4. Amangozindikira mawu, sawakumbukira okha. Kusankha yankho pa anayi olembedwa kale ndi ntchito yopepuka poyerekeza ndi kufukula mawu m'mutu. Mu 2006 Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke anapeza kuti ophunzira amene anadziyesa pokumbukira nkhani imene anawerenga anakumbukira zambiri patatha sabata kuposa amene anangoiwerenga mobwereza. Choncho kwezani masewera pang'onopang'ono. Pa bingo, masewera opeza pa khadi chimene woitana watchula, tsiku loyamba tchulani mawu iwo n'kumapeza chithunzi. Tsiku lina onetsani chithunzi iwo atchule mawu. Kenako wophunzira akhale woitana, ndipo m'malo motchula mawuwo aziwafotokoza: "You use it to open a door".

5. Belu lalira masewera ali mkati. Siyani mphindi zitatu zomalizira. Aliyense alembe m'kope mawu asanu kapena ziganizo ziwiri zimene wagwiritsa ntchito, osayang'ana pa bolodi.

## Masewera akukanika kuyamba

Mwafotokoza malamulo, mwati "yambani", koma anthu akungoyang'anizana. Pafupifupi nthawi zonse vuto ndi limodzi mwa awa.

1. Mwafotokoza ndi mawu okhaokha. Chingerezi cha malangizo chimakhala chovuta kuposa cha masewera enieniwo. Itanani ophunzira awiri kutsogolo, sewerani nawo chigawo chimodzi onse akuona, ndipo mulakwitse dala kamodzi kuti aone chimene chimachitika munthu akalakwa.
2. Mwagawa makadi musanamalize kufotokoza. Chinthu chikangofika m'manja, makutu amatsekeka. Gawani pomaliza.
3. Mwafunsa kuti "Do you understand?" Aliyense amagwedeza mutu, womva ndi wosamva yemwe. Funsani mafunso amene yankho lake limaonetsa ngati amva: "Who starts?", "How many cards do you take?", "Can you show your card?"
4. Malamulo achuluka. Akapitirira atatu, yambani ndi awiri, enawo muwonjezere pa chigawo chachiwiri.

Ngati nonse mumalankhula chinenero chimodzi ndipo ophunzira ndi oyamba kumene, fotokozani malamulo m'chinenerocho kwa theka la mphindi. Palibe tchimo pamenepo.

## Akungolankhula chinenero chawo

1. Alibe mawu oyendetsera masewera. Munawaphunzitsa mayina a zinyama, koma simunawaphunzitse zonena akafuna kuuza mnzawo kuti nthawi ndi yake, kapena kuti wabera. Yendani pakati pa magulu mumvetsere zimene akunena m'chinenero chawo. Mupeza kuti ambiri sakucheza zakunja, akukambirana za masewera omwewo. Lembani pa tchati mawu ofunikawo n'kulipachika pakhoma: "It's your turn", "My turn", "Say it again, please", "That's not right", "How do you say this in English?", "We've finished". Ayesereni limodzi musanayambe. Mawu amenewa amalowa msanga kuposa ena onse chifukwa amafunika kangapo pa mphindi iliyonse.

2. Mwaika liwiro patsogolo. Munthu akapanikizidwa ndi wotchi amagwira chinenero chimene chili pafupi ndi lilime. Chotsani wotchi, kapena onjezerani nthawi, kapena perekani mapointi pa kulondola.

3. Palibe chobisika. Ngati onse awiri akuona chithunzi chimodzi, afunsirananji? Apatseni zithunzi ziwiri zosiyana pang'ono, akhale mofulatirana, apeze kusiyana kwake pofunsana. Kapena wina akhale ndi mapu, winayo ajambule njira pomvera. Chingerezi chimayamba kutuluka pamene mnzako ali ndi chimene iwe ukufuna.

4. Masewera ndi a msinkhu wina. Zinthu zambiri za pa intaneti zimalembedwa A1, A2, B1, B2, C1 kapena C2. Imeneyi ndi milingo ya luso la chinenero imene bungwe la Council of Europe linatulutsa mu 2001, kuyambira A1 ya woyamba kumene kufika C2 ya wodziwa kwambiri. Masewera olembedwa B1 amafuna munthu wotha kupereka zifukwa ndi kufotokoza zimene zinamuchitikira. Mukawapereka kwa a A1, athawira ku chinenero chawo, ndipo sanalakwe.

Chimene ndikupemphani kuti musachite ndi kulipiritsa, kuveka chikwangwani kapena kuchititsa manyazi munthu chifukwa walankhula chinenero cha makolo ake. Zimenezi zimabala chete, ndipo zimamuphunzitsa mwana kunyoza chinenero chake. Ngati mukufuna lamulo, likhale la m'masewera momwemo: yankho limawerengedwa likanenedwa m'Chingerezi, basi.

## Akusewera ndi ochepa, ndipo opambana ndi omwewo

Tiwerengere limodzi. M'kalasi muli ophunzira 40, masewera ndi a mphindi 10, ndipo amalankhula mmodzimmodzi. Aliyense apeza masekondi 15, ndiye kuti inu aphunzitsi simunalankhulepo n'komwe. Ophunzira omwewo mukawaika awiriawiri, aliyense apeza mphindi 5. Kusiyana kumeneku n'kwakukulu kuposa kusiyana kwa masewera abwino ndi oipa.

1. Magulu ndi aakulu. Kalasi yonse kugawidwa pawiri kumasangalatsa maso, koma gulu la anthu 20 limakhala ndi olankhula atatu ndi oonerera 17. Chepetsani gulu lifike anthu atatu kapena anayi. Ngati makadi ndi ochepa, ophunzira apange okha pa mapepala. Kulemba ndi kujambula makadiwo ndi phunziro kale.

2. Wolakwa amatuluka. Masewera a "Simon says" ndi chitsanzo chodziwika: mtsogoleri amalamula, ndipo anthu amamvera pokhapokha lamulo likayamba ndi mawu akuti "Simon says". Masewerawa amagwirizana ndi njira imene James Asher wa ku San José State University anaiyambitsa m'zaka za m'ma 1960, yophunzira chinenero pomva lamulo n'kuchita ndi thupi. Njirayo ndi yabwino, makamaka kwa oyamba. Choipa ndi lamulo lotulutsa wolakwa, chifukwa amene amatuluka poyamba ndi yemweyo amene akufunika kuyeserera kwambiri. Amakakhala pansi n'kumaonerera anzake odziwa kale akuwonjezera luso.

Sinthani motere: wolakwa ataye pointi koma apitirize, kapena akhale wolamula pa chigawo chotsatira, kapena akhale woyang'ana olakwa. Onetsetsaninso kuti sakungotengera anzawo. Inu lekani kuchita nawo, kapena nenani "touch your nose" uku mukugwira khutu. Amene akumvadi aonekera pomwepo.

3. Woyamba kukuwa ndiye amapeza pointi. M'zaka za m'ma 1970 Mary Budd Rowe, pofufuza m'makalasi a sayansi, anapeza kuti aphunzitsi ankadikira pafupifupi sekondi imodzi yokha akafunsa funso. Atazolowera kudikira masekondi atatu kapena kuposerapo, mayankho anatalika ndipo oyankha anachuluka. Ngati zili choncho kwa ana oyankha m'chinenero chawo, nanji kwa amene akufunafuna mawu m'chinenero chachilendo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Funsani funso, werengani chamumtima mpaka 5, kenako perekani chizindikiro. Njira ina ndi yakuti gulu lililonse lilembe yankho papepala, onse akweze nthawi imodzi.

4. Wodziwa kwambiri walanda gulu. Patsani aliyense m'gulu nambala, 1 mpaka 4. Akambirane onse, koma inu ndi amene mutchule nambala ya woyankha akamaliza kukambirana. Mudzaona wodziwa uja akutembenukira kwa mnzake n'kuyamba kumuphunzitsa, chifukwa pointi ya gulu ili pakamwa pa mnzakeyo.

5. Mulibe mwayi m'masewera. Luso lokhalokha likamapambanitsa, ofooka amadziwiratu mapeto n'kugwa mphwayi. Ikanimo kamwayi pang'ono: dayisi, kapena khadi lobisika losonyeza mapointi amene yankho lolondola lapeza.

## Phokoso ndi chipwirikiti

Choyamba siyanitsani phokoso la ntchito ndi la chisokonezo. Anthu 40 akamalankhula awiriawiri sipangakhale bata, ndipo ndi zimene mumafuna. Imani pakona mumvetsere. Ngati mukumva Chingerezi, alekeni, ingochenjezani mphunzitsi wa kalasi yoyandikana nanu pasadakhale. Ngati ndi chisokonezo chenicheni, onani izi:

1. Palibe chizindikiro choimitsira. Gwirizanani chimodzi musanayambe, monga kukweza dzanja kapena kuwomba m'manja katatu, ndipo muchiyeserere kawiri. Osapikisana nawo kukuwa.
2. Omaliza msanga alibe chochita. Lembanitu pa bolodi ntchito yotsatira.
3. Masewera atalika. Aimitseni anthu akadali ndi chilakolako. Kwa ana aang'ono mphindi 5 mpaka 10 zimakwana.
4. Mwasanjikiza masewera odzutsa thupi. Pambuyo pa othamanga ikani odekha, monga kujambula pomvera.
5. Malo ndi opanikiza. M'chipinda chodzaza madesiki musathamangitse anthu. Aimirire ndi kukhala pansi, kapena aloze, kapena akweze khadi.

## Ena angoti zii, sakufuna kulankhula

1. Akuopa kusekedwa. Mu 1986 Elaine Horwitz ndi anzake analemba za mantha amene amagwira anthu m'kalasi ya chinenero chachilendo, ndipo mbali imodzi ya manthawo ndi kuopa mmene anzako akuonere ukalakwa. Masewera oimika munthu mmodzi kutsogolo, gulu lake lonse likumuyembekezera kuti alipulumutse, amakuza mantha amenewa. Yang'anani ngati wophunzira yemweyo amalankhula akakhala ndi mnzake mmodzi. Ngati amatero, vuto ndi maso a anthu. Yambani ndi kuyankha onse pamodzi, kenako awiriawiri, kenako m'magulu. Kutsogolo kupite ofuna okha. Ndipo kuseka wolakwa kuletsedwe poyera, gulu loseka litaye pointi.

2. Akadali pa nthawi yomvetsera. Ophunzira ambiri, makamaka ana amene angofika kumene pakati pa chinenero chatsopano, amayamba ndi nyengo yokhala chete uku akumva ndi kusunga. Stephen Krashen analemba zambiri za nyengo imeneyi m'zaka za m'ma 1980. Muyeseni ndi lamulo losafuna mawu: "Give the red card to your friend". Akachita molondola, ndiye kuti akuphunzira. Mupatseni udindo woloza, wosanja makadi kapena wolemba mapointi, ndipo mumutsegulire mpata wa liwu limodzi kaye.

3. Sanapatsidwe nthawi yokonzekera. Mphindi imodzi yolemba kapena yonong'onezana ndi mnzake imamasula ambiri.

4. Masewera akukhudza za kunyumba. Mafunso onena za bambo, mayi, nyumba kapena katundu amapweteka mwana wamasiye, wothawa nkhondo kapena wosauka. Apatseni makadi a anthu ongopeka kuti ayankhe m'malo mwa anthuwo.

## Mikangano, kubera ndi misozi

Apa chofala kwambiri ndi mphotho. Mukangoika chinthu chogwirika patebulo, maso onse amachoka pa Chingerezi. Mu 1973 Mark Lepper, David Greene ndi Richard Nisbett anachita kafukufuku ndi ana a sukulu ya mkaka okonda kujambula. Amene analonjezedwa mphotho asanajambule anadzachepetsa kujambula mwa kufuna kwawo pambuyo pake, kusiyana ndi anzawo amene sanalonjezedwe kanthu. Masewera ndi okoma kale mwa iwo okha, safuna nyambo. Kuwomba m'manja, kapena kulola opambana kusankha masewera a mawa, n'kokwanira.

Zifukwa zina, motsatana:

- Malamulo asintha pakati pa masewera. Alembeni pa bolodi, ndipo musawasinthe mpaka chigawo chithe.
- Akuona ngati mukukondera. Nenani chifukwa cha pointi iliyonse yokayikitsa, mwachidule.
- Magulu ndi omwewo tsiku ndi tsiku. Asakanizeni kawirikawiri, ndipo musalole atsogoleri kusankha anthu mmodzimmodzi. Wosankhidwa pomaliza saiwala.
- Anawo ndi aang'ono pa mpikisano. Kalasi yonse ipikisane ndi wotchi, kapena ndi mapointi amene inapeza dzulo.

## Zolakwa zikuchuluka pamene akusewera

Dziwani kaye cholinga cha masewerawo. Ngati ndi oyeserera mfundo imodzi ya galamala, monga kuika "-s" pa mneni mu "she walks", cholakwa pa mfundo imeneyo chikonzedwe pomwepo, makamaka ndi anzake a m'gulu, ndipo pointi idikire mpaka chiganizo chitalondola. Zolakwa zina zisiyeni. Ngati ndi ozoloweretsa kulankhula momasuka, musadule munthu pakamwa. Yendani ndi kapepala, lembani ziganizo zinayi kapena zisanu zimene mwamva, ndipo pomaliza muzilembe pa bolodi popanda mayina kuti onse azikonze.

Vuto la katchulidwe limayambira m'makutu. Chingerezi chimalembedwa ndi zilembo za liwu zisanu, koma polankhula chili ndi maliwu oposa 10. Munthu amene chinenero chake chili ndi maliwu asanu, monga Chisipanishi, Chiswahili kapena Chichewa, poyamba amamva "ship" ndi "sheep" ngati mawu amodzi, chimodzimodzinso "full" ndi "fool". Ena amavutika ndi "light" ndi "right". Kumuuza kuti abwereze kakhumi sikuthandiza ngati kusiyanako sakukumva. Yambani ndi masewera omvetsera okha: dzanja lamanja likhale la mawu oyamba, lamanzere la achiwiri, maso atseke kuti asaonere anzawo. Akayamba kulondola, m'pamene azitchula okha, mnzawo n'kumaloza chithunzi cha chimene wamva.

## Akuluakulu akuti ndi zachibwana

Munthu amene wachoka ku ntchito n'kubwera kudzaphunzira safuna kuimbitsidwa nyimbo za ana. Muuzeni cholinga m'chiganizo chimodzi musanayambe: mphindi 10 zikubwerazi aliyense afunsa mafunso a nthawi yakale kambirimbiri. Tengani nkhani za moyo wake, monga kufunsidwa mafunso pofuna ntchito, kuimba foni kapena kufunsa njira. Pewani kugwirana ndi kuthamanga. Ngati mawu akuti "masewera" ndiwo akuwakhumudwitsa, ingonenani kuti ndi ntchito yoyeserera. Makolo ndi akuluakulu a sukulu okayikira aonetseni mndandanda wa mawu amene ophunzira ankadziwa sabata isanayambe ndi amene akudziwa itatha.

## Masewera a pa foni ndi kompyuta

Mapulogalamu a mafunso monga Kahoot amapereka mapointi ambiri kwa woyankha msanga, motero ena amangodina asanawerenge n'komwe. Onjezerani nthawi ya funso, kapena zimitsani mapointi ngati pulogalamu ikulola, ndipo funso lililonse likatha funsani chifukwa chake yankho lili lolondola. Foni imodzi igwiritsidwe ntchito ndi anthu awiri kapena atatu kuti akambirane asanadine. Kumbukirani kuti kudina sikulankhula, ndiye masewerawa asalowe m'malo mwa olankhulana. Khalaninso ndi mafunso omwewo papepala, chifukwa intaneti imatha kuduka phunziro lili pakati. Ana asalembe mayina awo onse kapena zina zowazindikiritsa pa mapulogalamu otere.

## Pamene muyenera kuima n'kuitana katswiri

Pali zinthu zimene kusintha malamulo a masewera sikungakonze. Imitsani masewera nthawi yomweyo ndipo funani thandizo la chipatala ngati:

- wophunzira wagunda mutu kenako akusanza, akusinza, wasokonezeka kapena wakomoka;
- akubanika ndipo mankhwala ake opumira sakuthandiza;
- wagwa ndipo akuphupha. Chotsani zinthu zomupweteka, musamuike kanthu m'kamwa, musamupanikize, ndipo akasiya mumugoneke cham'mbali. Kuphuphako kukapitirira mphindi 5, kapena ngati n'koyamba, ndi nkhani ya mwadzidzidzi. Kwa anthu ena a khunyu, kuwala kothwanimathwanima kwa pa sikirini kumayambitsa vutoli.

Uzani akuluakulu a sukulu kapena woyang'anira chitetezo cha ana tsiku lomwelo ngati mwana, pakati pa masewera, waulula kuti akuzunzidwa, kapena ngati kusekana kwasanduka kuzunza munthu mmodzi tsiku ndi tsiku. Musamulonjeze mwanayo kuti musunga chinsinsi, ndipo musayambe kufufuza nokha.

Zizindikiro zotsatirazi si zamwadzidzidzi, koma zikapitirira kwa masabata angapo lankhulani ndi makolo kuti mwana akaonedwe:

- Makutu. Amalondola akamaona pakamwa panu koma amasochera mukafulatira, kapena amatayika pakakhala phokoso, kapena amatembenuzira khutu limodzi kwa wolankhula. Akapimidwe makutu.
- Maso. Amatsinzinira poyang'ana bolodi, amayandikiza khadi kumaso, kapena amalephera masewera a mitundu okhaokha, makamaka kusiyanitsa chofiira ndi chobiriwira. Akapimidwe maso.
- Kuwerenga. Amachita bwino pa masewera a pakamwa koma amakanika kulumikiza zilembo ndi maliwu ake ngakhale mwamuphunzitsa mobwereza. Mphunzitsi wa maphunziro apadera kapena katswiri wa za maganizo angayese ngati ndi vuto la kuwerenga lotchedwa dyslexia.
- Chibwibwi. Muchotsereni masewera a wotchi, musamumalizire mawu, ndipo makolo afunse katswiri wa za kalankhulidwe.
- Chete wosatha. Kunyumba amalankhula bwinobwino, koma kusukulu satulutsa liwu ngakhale m'chinenero chake, ngakhale kwa anzake, ndipo zapitirira mwezi kuchokera pamene anazolowera sukulu. Limeneli lingakhale vuto la mantha lotchedwa selective mutism. Kumukakamiza kapena kumunyengerera ndi mphatso kumalikulitsa.

Funso lokuthandizani kusiyanitsa ndi ili: kodi vutoli limaonekanso m'chinenero chake chobadwa nacho? Ngati limaoneka m'Chingerezi mokha, bwererani ku zigawo zoyambirira zija zokhudza kakonzedwe ka masewera, chifukwa mwina ndi nkhani ya nthawi ndi kaphunzitsidwe. Ngati limaoneka m'zinenero zonse, katswiri akufunika. Afunseni makolo, iwo ndi amene amamumva mwanayo m'chinenero chake tsiku lililonse.

Dzina la matenda musalitchule inu. Lembani zimene mwaona ndi maso: tsiku, masewera ake, chimene anauzidwa, chimene anachita, m'chinenero chiti, ndi zimene munayesa kusintha. Pepala limenelo lipite ndi makolo kwa katswiri. Podikira zotsatira, mwanayo akhale kutsogolo pafupi nanu, muzimuyang'ana polankhula, makadi ake akhale a zilembo zazikulu, ndipo pa masewera aliwonse akhale ndi udindo umene angaukwanitse.